A Folo, Owerenga Ndere za pa Nkhono

Munthu akafuna kundiputa, anene kuti alamu anga anataya zaka makumi atatu ndi chimodzi akusuzumira fumbi. Pamenepo tikangana ndithu, ngakhale pakhale pa anthu. Ena m'banja mwathu momwemu amanena zimenezi, eti poti ntchito yake saimvetsa. Ine ndinagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye za fumbizo mukauze ena.

Anakwatira achemwali anga ine ndili kamtsikana, ndipo ntchito ya ku labu anandipezera ndi iwowo, banja langa litatha ndili ndi ana awiri m'manja. Labuyo ili m'mbali mwa nyanja, kuseri kwa mashedi a maboti: zipinda zitatu, khonde, ndi firiji yomwe imalira ngati ili ndi chifuwa. Kuntchito kunalibe owaitana dzina lawo. Aliyense ankangoti a Folo, kufupikitsa folo handiredi, chifukwa pa kagalasi kalikonse komwe aika pa maikulosikopu ankawerengapo tinthu mazana anayi, osapitirira, osaperewera.

Tinthu take ndi ndere. Osati ndere zoterera zija zimagwetsa anthu pamwala ayi, koma ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe anthu a sukulu amati madayatomu. Kalikonse kamakhala m'kachigoba kake konga galasi, ndipo kakafa kachigobako sikawola. Tinthuti timamera pamiyala, pabango, paliponse m'madzi pomwe dzuwa limafika, komanso pamsana pa nkhono. Ta pankhonoto ndiye tinali ntchito yathu.

Tsiku langa loyamba ndinafunsa zomwe aliyense amafunsa, kuti bwanji osangotunga madzi m'botolo n'kuwayeza, kusiyana n'kumavutitsa nkhono. Anandiyankha mofatsa, monga mwa chibadwa chawo, kuti botolo limakuuza za tsiku lomwe watungalo basi. Nkhono siyenda ulendo. Pomwe waitolapo ndi pomwe yakhala miyezi yambiri, ndiye zomwe zamera pachigoba chake zamwa madzi a pamalopo nyengo yonseyo. Madzi akasintha, nazo zimasintha.

Malo otolako nkhono anali anayi, ndipo alionse anali ndi khalidwe lake. Kumiyala, komwe mafunde amamenya osapuma, zigoba zimabwera ndi tindere tophwatalala, tomata zolimba ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Toimirira sitingalimbe kumeneko. Kubango madzi ndi odekha, ndiye kumamera toima pa kamwendo, tina mpaka kupanga nthambi. Kumathiriro a mtsinje, komwe mvula ikagwa kumafika matope ndi zotsalira za feteleza wa m'minda, kumachuluka tooneka ngati tingalawa, poti timeneto timakwawa: matope akatikwirira timasolola n'kutulukira pamwamba kufuna dzuwa. Ndiye pali kumchenga, komwe mungathe kuwerenga zala zanu za kumapazi mutaima m'madzi a m'chifuwa. Kumeneko kunkachuluka tating'ono kuposa tonse, toonda ngati mpunga, tovuta kutiona ngakhale pamakina. Timeneti timapezeka konsekonse, koma timakonda madzi oyera. Mayina ake enieni ndi a Chilatini, oluma lilime, ndiye ine ndinkangoti tinkhupakupa, tingalawa ndi timpunga. Alamu ankandikonza poyamba, koma mabwana akachokapo nawonso ankati timpunga.

Mbali yanga inali iyi. Woyendetsa boti akabweretsa nkhono, malo alionse botolo lake, ine ndimatenga mswachi watsopano n'kukwecha chigoba chilichonse kuyambira kunsonga mpaka kukamwa. Madzi okwecherawo ndimawawiritsa mu asidi kuti zowola zonse zipse, patsale tizigoba tokhatokha. Kenako kutsukuluza kasanu, ndipo ulendo uliwonse umadikira kuti tidikhe pansi usanakhuthule madzi apamwamba. Ukatero kudontheza dontho pa kagalasi, kuumitsa, kumata, kulemba tsiku ndi malo. Nkhonozo timazibwezera m'nyanja zamoyo, zili mbee ngati zikupita kokajambulitsa.

Lamulo linali lakuti mswachi umodzi, malo amodzi. Chaka changa choyamba ndinaona ngati n'kuwononga, mswachi wabwinobwino kuutaya, ndiye ndinautsuka ndi sopo n'kuubwereza. M'mawa mwake alamu anadzutsa mutu pamakina n'kundifunsa kuti tingalawa ta kumathiriro tafika bwanji kumiyala, kapena takwera basi? Sanakalipe. Bola akanakalipa, chifukwa manyazi ake anandigwira sabata yonse.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kosasintha. Kufika m'mawa aliyense asanafike, kupukuta diso la makina ndi kapepala kake, kudontheza kadontho ka mafuta pa kagalasi, dzanja lamanja pa kagudumu, lamanzere pa kamakina kodina komwe kali ndi batani la mtundu uliwonse. Akayamba, ndiye ayamba. Tiyi ndinkawaikira pambali n'kudzamutenga atazizira. Tsiku lina bwana wamkulu anabwera ndi alendo ochokera kutali kudzaona labu, n'kuima kumbuyo kwawo n'kutsokomola. Alamu anangokweza chala chimodzi. Alendowo anaima mphindi makumi awiri akumvera kamakina kakuti tche, tche, tche, mpaka nambala itakwana. Pamenepo anaimirira n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, ndipo palibe anakwiya. Akanakhala ine ndikanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Zomwe apeza ankalemba ndi pensulo m'mabuku a chikuto cholimba, tsamba limodzi kagalasi kamodzi, zilembo zing'onozing'ono zoongoka ngati za makina. Mabukuwo anadzaza mashelefu awiri. Timagalasito sitinkataya, kalikonse kali m'kabati ya timadirowa, kuyambira koyambirira. Achemwali ankadandaula kuti matendawa sathera kuntchito: ulaliki ukatalika kutchalitchi, milomo ya amuna awo imayamba kugwedera, ena n'kumaganiza kuti akupemphera, pomwe akuwerenga malata a padenga.

Chaka chomwe ndikukambachi tinali ndi bwana watsopano, mayi wachangu woyenda ngati pali womuthamangitsa. Tinkawatchula adokotala, koma anali dokotala wa mabuku osati wa jakisoni. Ndinene zoona, poyamba sindinkawafuna, poti anandisinthira poika mabotolo osandifunsa. Koma ndi iwo oyamba kutsitsa mabuku onse a alamu pashelefu n'kulowetsa manambala ake m'kompyuta, tsamba ndi tsamba, miyezi isanu. Atamaliza anatuluka mu ofesi nkhope itasintha. Anati timpunga takhala tili chimodzimodzi zaka zoposa makumi awiri, koma zaka zitatu zapitazi takhala tikuchepa, chaka ndi chaka, moti tsopano tatsala theka. Popeza timpunga timakonda madzi oyera, ndiye kuti nyanja yayamba kuda ife tisakudziwa.

Analemba lipoti loti akaliwerenge kumsonkhano wa akuluakulu oyang'anira nyanja. M'lipotimo munali zoti anthu olima m'mbali mwa madzi abwerere m'mbuyo ndi minda yawo. Ndipo pamwamba pa lipotilo, pansi pa dzina lawo, adokotala anaikapo dzina la alamu. Zaka zonse zija mabwana ankabwera, kutenga manambala, kulemba mapepala, kukwezedwa, kupita. Dzina la wowerenga silinalembedwepo ndi kamodzi komwe. Ine ndinasangalala kuposa eni ake, mpaka ndinakauza achemwali ndisanafike kwanga.

Adokotala anamata mapepala anayi pakhoma la m'khonde, lililonse la malo ake, lililonse lili ndi mzere wotsetsereka. Alamu anayamba kumaima pamenepo nthawi ya nkhomaliro, manja kumbuyo. Ine ndinkati akunyadira. Tsiku lachitatu ndinawamva akufunsa woyendetsa boti za mbale yoyera ija amaimiza m'madzi ndi chingwe poyeza kuyera kwa madzi, ngati kumchenga ikuzimirira msanga masiku ano. Iye anati ayi, ikuzimirira pa mfundo yomwe ija ya kalekale.

Kenako anabwera kwa ine, kusinki. Anandifunsa ngati ndinasintha mtundu wa mswachi. Ndinati ayi. Asidi? Ayi. Nanga potsukuluza, ndimadikira nthawi yokwanira? Poti ukakhuthula msanga, tating'ono timakhala tisanadikhe, timapita ndi madzi.

Abale inu, mtima unandiwira. Ndinawauza kuti ngati nyanja yawo yada asapachike pa ine, kuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndapsa zala ndi asidi sindinamvepo zikomo, kuti kundipezera ntchito sikutanthauza kundigula, ndi zina zomwe sindingabwereze pano. Nditatopa, iwo anapempha kuti aonerere ndikukonza botolo lotsatira. Anaonereradi, ataima pambali panga ndi wotchi m'manja, ine ndikumenyetsa mabotolo dala. Masiku atatu sindinawapatse moni. Tiyi ndinkawaikira ndithu, koma wopanda shuga.

Tsiku lachinayi anandidikira pakhonde pamene panali mapepala aja.

"Mlamu, pepani. Ntchito yanu ilibe vuto. Koma taonani mizere iyi. Nyanja siidwala mofanana konsekonse. Kumathiriro kukada, kumchenga kumamva patapita chaka, mwina osamva n'komwe. Apa malo onse anayi ayamba kutsika chaka chimodzi, ndipo akutsika mofanana. Zomwe malo anayiwa agawana ndi ziwiri zokha, manja anu ndi diso langa."

Sindinamvetse msanga. Anandipatsa selotepi ya pepala n'kundiuza zochita. Ndipite kukabati, nditenge timagalasi tiwiri ta kumchenga ta zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, tomwe anawerenga okha kalelo. Ndimate polembedwa tsiku kuti asatizindikire, ndipo nditisakanize ndi tina tatsopano tomatanso chimodzimodzi. Iwo awerenga tonse osadziwa kuti kakale ndi kati. Tikatero tikatsegule buku la chaka chimenecho.

Zinatenga masiku awiri. Titamatula selotepi ndinatsitsa bukulo n'kupeza tsamba lake. Pa kagalasi koyamba, kalelo anapeza timpunga 163 mwa mazana anayi aja. Tsopano, pa kagalasi komweko, 71. Kachiwiri, kalelo 140, tsopano 66. Kagalasi sikasintha; zomwe unamata ndi zomwezo ngakhale patapita zaka makumi asanu.

Apa ndi pomwe ndinaona msampha wa ntchito imeneyi. Munthu amawerenga mpaka akwane mazana anayi. Diso likayamba kudumpha tating'ono, sadziwa kuti wadumpha kanthu. Amangopitiriza, ndipo zikuluzikulu zimadzaza malo mpaka nambala ikwane. Tsamba limaoneka bwinobwino, kuphatikiza kwake kolondola, palibe chosoweka. Zaka zitatu zonsezo palibe akanawagwira, poti panalibe wina wowerenga koma iwo.

Anandiuza kuti ndisuzumire. Kusuzumira ndimatha, poti ndimaona ngati dontho lakhuthala kapena lachepa. Anati pamene aimika makinapo iwo akuona timpunga titatu, nanga ine ndikuona tingati. Ndinawerenga n'kunena kuti naini, ndisanaganize. Nditadzutsa mutu ndinapeza atavula magalasi awo akuwapukuta ndi malaya, ngati vuto lili pamenepo. Ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo ndi munthu wamoyo.

Limeneli linali Lachisanu. Msonkhano unali Lachinayi lotsatira.

Lamulungu masana ndinapita kunyumba kwawo nditakonzeka nkhondo. Achemwali ndi telala, ndipo ndinawapeza pamakina awo pabalaza akumaliza mayunifolomu a ana a sukulu, alamu atakhala pampando wawo wa pawindo. Ndinayamba ndisanakhale pansi. Ndinati zimenezi tikudziwa ndife awiri, ndipo ine pakamwa panga ndasoka. Lipoti lipite. Iwo apemphe tchuthi, akaonetse maso kuchipatala mwakachetechete, akabwera azikawerenganso pang'onopang'ono, mizere ija idzadzuka yokha, anthu adzati nyanja yachira. Ndinawakumbutsa kuti kwatsala chaka chimodzi ndi miyezi iwiri kuti apume pantchito mwaulemu, ndipo akanena, mpando uja sadzaukhalanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndinatero. Ndinafika mpaka pofunsa kuti kodi lipoti louza anthu kusamala nyanja lingapweteke ndani.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anayankha kuti lipweteka amene achotsedwe m'minda yawo chifukwa cha diso la munthu mmodzi, ndipo madzi akatayika saoleka. Anatinso tsiku lina nyanja idzadwaladi, mwina ife titapita, ndipo anthu adzatsitsa mabuku aja kuti aone mmene inalili kale. Akadzapezamo bodza la zaka zitatu, adzataya ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zoona zomwe.

Ndinatembenukira kwa achemwali kuti andithandize. Iwo anali atasiya kupalasa makina. Anati iwo anadziwa kale, zaka ziwiri zapitazo. Chikwatirane, amuna awo ndi amene ankawalowetsera ulusi pasingano, kamodzi n'kamodzi, akudzitama nazo. Kenako anayamba kumayesa kawiri, katatu, kenako anayamba kumapezeka ali panja nthawi yosintha ulusi. Ndinawafunsa mokalipa kuti nanga osanena bwanji, munthu akanapita kuchipatala kalekale.

"Ndinkadziwa kuti akadziwa akakanena kuntchito tsiku lomwelo," anatero achemwali. "Ndinkafuna akhaleko pang'ono pampando pawo. Ndinalakwa."

Alamu sanawadzudzule. Anangofunsa ngati jekete lawo lakuda lili lositidwa.

Lolemba m'mawa analowa mu ofesi ya adokotala atavala jekete, buku lakale kukhwapa, pepala latsopano m'manja. Ine ndinapeza chifukwa chopukutira firiji yomwe ili pafupi ndi chitsekocho, ndipo ndinaipukuta mpaka utoto kutsala pang'ono kuchoka. Ndinamva mawu a alamu okha, pang'onopang'ono. Kenako adokotala anafunsa ngati akudziwa kuti mutu wa lipotilo unatumizidwa kale kwa anthu onse a kumsonkhano. Anati akudziwa. Adokotala anatuluka, kundidutsa ngati ndine mpando, n'kukakhala pa maikulosikopu ya alamu, pamene chiyambire ntchito sindinaonepo munthu wina atakhalapo. Anawerenga okha kagalasi kakale koyamba kaja. Anapeza 158.

Lachinayi adokotala anapita kumsonkhano ndi manja opanda kanthu, n'kukaima pamaso pa akuluakulu kunena kuti lipoti alibweza chifukwa manambala a zaka zitatu ayenera kuwerengedwanso. Woyendetsa galimoto anatiuza kuti ena anaseka, wina mpaka anafunsa ngati ku labu kwathu timadziwa kuwerengera. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mayi aja anazilandira okha, ndipo dzina la alamu sanalitchule kumeneko. Pa chimenecho ndinawakhululukira za mabotolo zija. Koma atabwerako anakhala masabata awiri osalankhula ndi alamu, kungodutsana m'khonde.

Chigamulo chinabwera pakalata. A Folo achoke pamakina mpaka maso awo atakonzedwa. Akabwerako adzayesedwa ndi mayeso omwe anayambitsa okha aja, kagalasi kakale komata selotepi, ndipo akadzasiyana ndi buku kuposa timpunga khumi ndi tisanu, ndiye kuti basi. Padakali pano azindithandiza ine kusinki.

Tangoganizani, munthu amene anandiphunzitsa ntchito, kumangirira epuloni pambali panga n'kumakwecha nkhono. Masiku oyamba sindinkadziwa poyang'ana. Iwo analibe nazo kanthu. Ankakwecha mofatsa, akuitembenuza nkhono ngati dzira, ndipo chomwe chinkandipweteka n'choti ankakwecha bwino kuposa ine. Nthawi ya nkhomaliro ankatsitsa mabuku a zaka zitatu zija ndi bolopeni yofiira. Sanafufute nambala ndi imodzi yomwe. Pamwamba pa tsamba lililonse ankalemba kuti manambala a tating'ono pa tsambali ndi operewera chifukwa diso la wowerenga linali litayamba kufooka, n'kusainira, n'kuika tsiku. Masamba oposa mazana asanu. Ndinawauza kuti alembe kamodzi pachikuto zithe, amvekere munthu amatsegula buku pakati, sayambira pachikuto.

Adokotala anawerenganso okha timagalasi tonse ta zaka zitatuzo, ntchito yomwe inawadyera miyezi isanu ndi iwiri ndi kuwasiyira khosi lopweteka. Mizere itatuluka, timpunga tinalipo, mbwee, monga kale, kumchenga ndi kumiyala ndi kubango. Koma kumathiriro kokha kunaoneka kanthu kena komwe kanali katabisika: tingalawa tinali tikuchuluka pang'onopang'ono, kumeneko kokha, molingana ndi matope a mtsinjewo. Imeneyo ndiye inali nkhani yoona, yaing'ono, yosagwedeza msonkhano. Adokotala anabweretsa okha mapepalawo kusinki. Alamu anapukuta manja, n'kuwayandikizitsa kumaso, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anamwetulira kumwetulira komwe ndinali ndisanakuone chaka chonsecho, amvekere tsopano mizere iyi ikuoneka ngati ya nyanja, uliwonse ukuyenda njira yake.

Kuchipatala anapeza ng'ala m'maso onse awiri. Anachotsa ng'ala ya diso limodzi kaye, ya linalo patapita miyezi iwiri. Tsiku lomwe anamasula bandeji yoyamba anayang'ana achemwali n'kuwafunsa kuti imvi zonsezi zamera liti, ndipo achemwali anawauza kuti abwezeretse bandejiyo. Anayamba kuona manambala a mabasi ali kutali, anasiya kupunthwa pa masitepe a kutchalitchi. Tonse tinali ndi chiyembekezo. Koma dokotala wa maso anali atawauza kuti kuseri kwa diso kuli kena komwe mpeni sukonza, kobwera ndi ukalamba, ndipo zimenezi alamu anatiuza poyera, ife n'kumachita ngati sitinamve.

Tsiku la mayeso linali Lachiwiri m'mawa, kutawala bwino. Adokotala anasankha kagalasi, ine n'kumata selotepi, iwo n'kundipatsa buku lake kuti ndisunge. Alamu anavula epuloni, n'kusamba m'manja, n'kukhala pampando pawo koyamba pa miyezi khumi ndi umodzi. Asanayambe, adokotala ananena kuti ali ndi makalata oti alembe, tikamaliza tikawauze zotsatira, n'kulowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinawayang'ana kumsana mpaka atalowa. Mayi aja sanali opusa. Ankadziwa kuti atisiya awiri, mlamu ndi mlamu wake, buku lili m'manja mwanga.

Kamakina kanayamba kulira. Ine ndinakhala pa stulu kumbuyo kwawo, buku pamiyendo. Kale kagalasi kamodzi kankawatengera mphindi makumi anayi; tsiku limenelo linapitirira ola. Ndinkaona akubwerera m'mbuyo, akupotoza kagudumu pang'ono pang'ono, akuphethira. Sindine wopemphera kwambiri, achemwali angakuuzeni, koma tsiku limenelo ndinapemphera za timpunga.

Atamaliza analemba manambala papepala, n'kutembenuza mpando.

"Timpunga 104. M'buku muli zingati?"

Ndinamatula selotepi, kuona tsiku, kutsegula tsamba lake. Panalembedwa 149. Nthawi yomweyo mutu wanga unali utapeza kale nambala yabwino yoti ndiname kuti ndi ya m'buku, 112, yosayandikira kwambiri kuti ikayikitse, yosatalikira kuti iwagwetse. Ndikuuzani zoona, ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndiinene. Kunali kutatsala miyezi itatu yokha kuti apume. Miyezi itatu, adokotala akanatha kumabwereza mwakachetechete zomwe awerenga, munthu n'kuchoka ali pampando pake. Ndikhulupirira chitseko chija chinatsekedwera zimenezo.

Kaya anaona chiyani pankhope panga ndi maso awo atsopanowo.

"Werengani mmene palembedwera, mlamu," anatero. "Amene analemba pamenepo ndine. Nthawi imeneyo ndinkaona."

Ndinawerenga. Iwo anagwedeza mutu kawiri, n'kuyang'ana pepala lawo. Kenako anachotsa kagalasi pamakina, kukapukuta mafuta, kukabwezera m'dirowa yake, n'kuvundikira makinawo ndi nsalu yake. Ndinati akhale kaye pansi, ndipite ndine ndikawauze adokotala. Anakana. Anatenga buku m'manja mwanga, chala atachiika patsambalo kuti lisatsekeke, n'kupita kukagogoda okha.

Chitseko anachisiya chotsegula, ndiye ndinamva zonse. Anatchula nambala ya m'buku, kenako yawo, mawu osanjenjemera. Kenako alamu anati ali ndi pempho limodzi: amene adzakhale pampandopo, kaya adzakhala wamng'ono bwanji, azidzamuyesa chimodzimodzi chaka chilichonse, asamudikire zaka zitatu.

Ine ndinali chikhalire pa stulu paja, kaselotepi katandimata kuchala, ndikulira mokweza, ndipo sindinachite nazo manyazi.